Njerwa zakuda za ku Chicago ndi chiyambi cha mabomba a nyukiliya

Pa 2 December 1942, pansi pa mipando ya owonerera pa bwalo la masewera la Stagg Field ku yunivesite ya Chicago, gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Enrico Fermi linayatsa riyakitala yoyamba yopangidwa ndi anthu, chipangizo chotulutsa mphamvu poswa ma atomu. Unali mulu chabe wa njerwa za graphite, chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, ndipo m'mabowo a njerwazo anaikamo timibulu ta yureniyamu. Mphamvu imene inatuluka tsikulo inali ngati theka la watt, yosakwana n'kuyatsa babu komwe.

Nanga njerwa zonsezo zinali za chiyani? Atomu ya yureniyamu-235 ikagundidwa ndi neutron, kachidutswa kakang'ono kopezeka m'kati mwa atomu, imasweka n'kutulutsa ma neutron ena awiri kapena atatu, iwonso n'kukaswa ma atomu ena. Koma yureniyamu wokumbidwa pansi, kaya ku Shinkolobwe ku Congo kaya ku Kayelekera ku Karonga, ali ndi mtundu wa 235 wongokwana 0.7 peresenti. Pafupifupi wonse wotsalawo ndi 238, umene umameza ma neutron ambiri osasweka. Neutron ikachepa liwiro m'pamene imaswa 235 mosavuta, ndipo ntchito ya graphite ndi imeneyo: neutron imagundagunda ma atomu a carbon a mu graphite mpaka kufooka.

Pali kanthu kena kamene ine ndimakaona kuti n'kakakulu kuposa momwe anthu amakatchulira. Graphite wogulidwa kumafakitale nthawi imeneyo ankakhala ndi chinthu china chotchedwa boron pang'ono, ndipo boron amameza ma neutron kwambiri. Wasayansi mnzake wa Fermi, Leo Szilard, anazindikira zimenezi n'kuumirira kuti makampani apange graphite woyera. Ku Germany, wasayansi Walther Bothe anayesa graphite wake, zotsatira sizinasangalatse, ndipo m'malo mwa graphite Ajeremani anadalira madzi apadera otchedwa heavy water ochokera ku Vemork ku Norway. Asilikali a ku Norway anakaphulitsa makina a pamalowo mu February 1943, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha Ajeremani alibe riyakitala yogwira ntchito.

Muluwo ankauwongolera ndi ndodo za chitsulo chotchedwa cadmium, zomezanso ma neutron. George Weil, mmodzi wa gululo, ankasolola ndodo yomaliza pang'onopang'ono, Fermi akuwerengetsa. Chinawathandiza n'chakuti ma neutron ochepa, osakwana 1 peresenti, amatuluka mochedwa ndi masekondi angapo, motero munthu amakhala ndi mpata wobwezera ndodo zinthu zisanafike poipa.

Tisanamizane kuti cholinga chinali magetsi. Yureniyamu-238 akameza neutron amasanduka plutonium, ndipo boma la America linkafuna plutonium ameneyo kuti lipangire mabomba. Mariyakitala akuluakulu anamangidwa ku Hanford ku America komweko, ndipo plutonium wa kumeneko ndiye anali mu bomba limene linagwa pa mzinda wa Nagasaki ku Japan pa 9 August 1945. Mu July chaka chomwecho Szilard anali atalembera Pulezidenti Truman wa America kalata yosainidwa ndi asayansi 70, yopempha kuti mabomba a nyukiliya asaponyedwe Japan isanapatsidwe mpata wogonja. Kalatayo inali isanafike kwa Truman pomwe mabomba ankagwa.