Makobidi a ku Coleby ndi lamulo lomwe linkanyoza mkuwa

Mu July 2023 ku England ndi Wales adasintha lamulo la chuma chofukulidwa pansi, kuti chinthu chakale chizitetezedwa chifukwa cha mbiri yake ngakhale chilibe golide kapena siliva. Ambiri amati chidayambitsa ndi chisoti chamkuwa cha Aroma chopezeka ku Crosby Garrett, chomwe chidagulitsidwa pa mapaundi oposa 2 miliyoni mu 2010, nyumba yosungiramo zakale ya ku Carlisle italephera kuchigula, poti lamulo silinkachiteteza. Nzoona, koma ine ndikuona kuti muzu wake ndi makobidi a ku Coleby.

M'zaka za m'ma 1970 m'munda wina ku Coleby, ku Lincolnshire, mudapezeka ndalama za Aroma 7,811, za mtundu wa antoninianus. Kuizindikira nkosavuta: mfumu yojambulidwapo imavala chisoti cha nsonga zosongoka. Poyamba ndalamayi inali ndi siliva ndithu, koma pofika cha m'ma 270 inali mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba. Lamulo lakale linkati chuma chofukulidwa ncha mfumu ya dzikolo pokhapokha chikhale golide kapena siliva chobisidwa dala. Mlandu udafika kukhoti la apilo, ndipo woweruza Lord Denning ndi anzake adagamula kuti siliva wake ndi wochepa kwambiri, choncho si chuma cha mfumu. Mwalamulo sadalakwe. Koma zidatanthauza kuti mulu wotere ungagawidwe ndi kugulitsidwa umodziumodzi, katswiri asanawerenge nkomwe maina a mafumu ndi zilembo za malo osulira.

Kubedwa kwa makobidi akale pamalo ofukulapo zakale ku Wanborough, ku Surrey, m'ma 1980 kudawonjezera mkwiyo, ndipo lamulo latsopano la Treasure Act la 1996 lidavomereza kuti makobidi amkuwa akale ndi chuma chotetezedwa ngati apezeka khumi kapena kuposerapo pamalo amodzi.

Phindu lake lidaoneka ku Frome mu 2010. Munthu wofufuza zitsulo ndi makina atapeza mtsuko wa makobidi a Aroma, sadakumbe yekha. Adaitana akatswiri, omwe adachotsa ndalama 52,503 mumtsuko mwake, gawo ndi gawo. Zoposa 700 zinali za Carausius, yemwe adadzilonga ufumu ku Britain kuyambira 286 mpaka 293. Chifukwa chokwiririra mtsukowo akatswiri sadagwirizanebe: ena amati chinali chuma chosunga, ena amati nsembe, poti wolemera makilogalamu 160 sukadanyamulika osasweka. Ogulitsa makobidi amadandaula kuti malamulowa akuchuluka. Komabe amkuwa asanu ndi anayi opezeka pamodzi nthawi zambiri amakhalabe a wotola ndi mwini munda.