Chiwewe: baitsani galu wanu kwa munthu woidziwa ntchito

Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, monga kuopa madzi ndi kubalalika mutu, sachira. Bungwe la World Health Organization limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo pafupifupi onsewa amaitenga kwa galu. Ana ndiwo ali pachiopsezo chachikulu chifukwa amasewera ndi agalu, ndipo akalumidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa.

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa pamene nyama yaluma, yakanda kapena yanyambita chilonda.

Galu kapena mphaka abaidwe akakwanitsa miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka. Agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akabaidwa, nthendayi imasiya kufala, choncho galu wa mnzanu wa nyumba yoyandikana akukukhudzani. Kagalu kogula m'mbali mwa msewu kamafunikanso katemera, kaya kakuoneka kathanzi bwanji. Muno mu Lilongwe funsani alangizi a ziweto a boma kapena bungwe losamalira nyama la LSPCA, ndipo tcherani khutu pamene tsiku lokumbukira za chiwewe, 28 September, likuyandikira.

Wobaya ndiye nkhani yaikulu. Katemerayu amasungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatenthedwa kwa nthawi yaitali amachepa mphamvu, koma m'botolo amaonekabe bwinobwino. Munthu woyenda khomo ndi khomo, botolo lili m'thumba dzuwa la October likuswa mtengo, angakusiyeni mukuganiza kuti galu ndi wotetezedwa pamene ayi. Onani kuti katemera akutuluka m'bokosi lozizira, singano ndi yatsopano pa nyama iliyonse, ndipo mwapatsidwa chiphaso cholembedwa tsiku. Singano yogwiritsidwa ntchito ilowe m'bokosi lake lotayiramo, isapite kudzala komwe ana amatola zoseweretsa. Chonde musabaye nokha. Komanso galu waukali apite ndi munthu wamkulu amene amamumvera, ali pa chingwe, osati kungomutuma mwana.

Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15. Ndi nthawi yaitali ndithu, koma kutsukako kumachotsa tizilombo tambiri. Musapakepo tsabola, phulusa kapena zitsamba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya chapafupi, kaya ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, ndipo malizani majakisoni onse pa masiku amene mwauzidwa ngakhale bala litapola. Zizindikiro zimatha kubwera patapita miyezi iwiri kapena itatu. Mayi woyembekezera ndi khanda amalandiranso majakisoniwa.

Galu amene waluma amangiriridwe pamalo pomwe ana safika, alangizi a ziweto auzidwe kuti amuyang'anire kwa masiku 10. Wolumidwayo asadikire masikuwo asanapite kuchipatala.