Kusintha mawu sikuchotsa mwini ganizo

Nyengo yopereka malipoti a kafukufuku ikafika kuno ku Zomba, funso limene ophunzira amakonda kundifunsa ndi lakuti, "Aphunzitsi, Turnitin isonyeze mapesenti angati kuti ndipulumuke?" Turnitin ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imayerekeza mawu a m'pepala lanu ndi zolemba zina, n'kuonetsa pamene pakufanana. Sidziwa ngati mwaba kapena ayi. Pepala lina limafanana kwambiri ndi zolemba zina chifukwa mwiniwake wagwira mawu a ena molongosoka n'kutchula eni ake. Lina limaoneka loyera, chonsecho maganizo onse ndi a munthu wina. Woweruza ndi mphunzitsi wochonga.

Kuba ntchito ya ena, kumene kusukulu timati plagiarism, ndi kutenga mawu, ganizo, chiwerengero kapena chithunzi cha munthu wina n'kupereka ngati zanu. Zokopera ndime yathunthu pa intaneti, kulipira munthu kuti akulembereni, kapena kupereka zimene yakulemberani pulogalamu ya pakompyuta ya ChatGPT ngati zochokera m'mutu mwanu, aliyense amadziwa kuti n'kulakwa, ndiye sitichedwapo. Ambiri amagwa m'mbuna ina.

Tinene kuti mukulemba za nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1995. Mwawerenga wofufuza wina amene akuti kudula mitengo kumapiri kukuchititsa mitsinje monga Likangala ndi Domasi kukokolera dothi lambiri m'nyanjamo. Mwatenga chiganizo chakecho, pamene analemba "kudula mitengo" mwaikapo "kuwononga nkhalango", pa "dothi" mwaikapo "matope", basi mwati ndi chanu. Ayi ndithu. Mbuzi ya eni ngakhale muimange chingwe chatsopano idakali ya eni. Ngakhale mutamasulira ndimeyo kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa, kompyuta mwina siingakugwireni, koma ganizolo mwini wake alipo ndipo ayenera kutchulidwa.

Njira yoyenera ndi iyi: werengani ndimeyo mpaka muimvetse, tsekani bukulo, kenako lembani monga mmene mungafotokozere mnzanu pa chakudya chamasana. Mukatero tsegulaninso, muone ngati simunapotoze mfundo kapena kutsata mapazi a ziganizo zake, ndipo ikani dzina la wolembayo ndi chaka. Ngati mawu ake enieniwo ndi amene mukuwafuna, aikeni m'mitengero ndi kutchula tsamba. Kaya dipatimenti yanu imafuna kalembedwe ka APA kapena ka Harvard, zonsezi zimafuna dzina ndi chaka m'kati mwa nkhani, tsatanetsatane wake kumapeto.

Si chilichonse chofunika kutchula gwero. Zoti Zomba linali likulu la dziko lino mpaka 1975 n'zodziwika kwa onse. Koma mukalemba kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, tchulani lipoti la National Statistical Office. Kalata yakale imene mwaipeza ku National Archives ili ndi nambala ya fayilo, ilembeni. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti timalemekeza mabuku okha. Agogo a ku Jali amene munacheza nawo masana onse pakhonde, nakufotokozerani mmene anthu ankapulumukira nyanja itauma, nawonso ndi gwero. Lembani malo ndi tsiku limene munacheza nawo, dzina lawo ngati analola, apo ayi chizindikiro chobisa dzina.

Ena amati akangolandira digiri nkhani yatha. Mu 2011 Karl-Theodor zu Guttenberg, nduna ya zachitetezo ku Germany, anatula pansi udindo yunivesite ya Bayreuth itamulanda digiri yapamwamba ya PhD chifukwa cha ndime zokopera. Zolemba zimakhala, ndipo wina adzaziwerenga.

Ambiri mwa amene amagwidwa sanadzuke ndi mtima wakuba. Vuto limayambira m'kope. Munthu wakopera chiganizo mulaibulale mu Marichi osalemba kumene wachitenga, pofika Juni akuchiona ngati chake. Choncho musanalembe kalikonse kuchokera m'buku, yambani mwalemba pamwamba pa tsamba dzina la wolemba, chaka, mutu wa buku ndi wosindikiza. Mawu a eni lembani ndi inki yofiira pamodzi ndi nambala ya tsamba, maganizo anu ndi yabuluu. Ngati mukulemba pakompyuta, mapulogalamu aulere monga Zotero amasunga zonsezi ndi kukuyalirani mndandanda wa mabuku m'kalembedwe kamene dipatimenti yanu ikufuna.