Chithunzi cha pa foni chikakana kutseguka pa kompyuta

Anthu ambiri amene amajambula ndi iPhone amadabwa akafika kumalo otsukira zithunzi, kapena akafuna kutumiza chithunzi cha satifiketi pofunsira ntchito pa intaneti, n'kuuzidwa kuti fayilo yawo sikutseguka. Nthawi zambiri chithunzicho chimakhala chili bwinobwino, ndipo chovuta chimakhala mtundu wa fayilo imene foni yachisungiramo.

Kuyambira mu 2017, pamene kampani ya Apple inatulutsa iOS 11, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa iPhone, mafoni ake kuyambira pa iPhone 7 kupita m'tsogolo amasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC m'malo mwa JPEG. Mafoni ena a Samsung alinso ndi njira yofanana, ngakhale kuti mwini foni ndiye amaiyatsa. Ubwino wa HEIC ndi weniweni, chifukwa chithunzi chimadya pafupifupi theka la malo amene chikanadya chikanakhala cha JPEG, koma chimaoneka bwino chimodzimodzi. Vuto lake n'lakuti JPEG yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1992, choncho makompyuta akale, makina osindikizira ndi mafomu ambiri a pa intaneti amadziwa iyoyo, pamene HEIC samaidziwa. Pa makompyuta ena a Windows, mwachitsanzo, pamafunika kuika kaye kapulogalamu ka HEIF Image Extensions kuchokera ku Microsoft Store, ndipo nthawi zina ka HEVC komwe.

Ena amangosintha mathero a dzina la fayilo, kufufuta ".heic" n'kulemba ".jpg". Kumeneko kuli ngati kulemba "shuga" pathumba la mchere, popeza zam'kati zimakhala zisanasinthe. Enanso amajambula sikirini ya foni. Njira imeneyi imatulutsadi fayilo yotseguka paliponse, koma chithunzicho chimachepa mphamvu, moti zilembo zing'onozing'ono za pachiphaso zimatha kusawerengeka zikasindikizidwa.

Njira yabwino ndi kuyambira pa foni penipeni. Pa iPhone, lowani mu Settings, kenako Camera, kenako Formats, ndipo musankhe Most Compatible m'malo mwa High Efficiency. Kuyambira pamenepo zithunzi zatsopano zizisungidwa ngati JPEG, koma zimene munajambula kale sizisintha. Ine ndimalangiza aliyense amene amatumiza zikalata pafupipafupi kuti achite zimenezi, bola foni yake ikhale ndi malo okwanira.

Za zithunzi zakale, pa mafoni a iOS 16 kapena kuposera apo, sungani chithunzicho mu pulogalamu ya Files, chidinikizeni kwa kanthawi, musankhe Quick Actions, kenako Convert Image, n'kusankha JPEG. Foni idzakufunsaninso kukula kwa fayilo, zimene zimathandiza ngati fomu ili ndi malire a kukula kwa chithunzi. Ngati mukusamutsa zithunzi zambiri ndi chingwe kupita pa kompyuta, onetsetsani kuti mu Settings, pansi pa Photos (kuyambira pa iOS 18, Photos imapezeka mkati mwa Apps), mbali ya Transfer to Mac or PC ili pa Automatic, kuti foni izisintha yokha mtundu wa fayilo posamutsapo.

WhatsApp imasokoneza anthu ambiri pankhani imeneyi. Mukatumiza ngati chithunzi, imachisandutsa JPEG koma imachipanikiza kuti chisadye data yambiri, ndipo ubwino wake umatsika. Mukatumiza fayilo ya HEIC ngati document, imafika yathunthu, koma ikadali HEIC, choncho wolandira akhoza kulepherabe kuitsegula.

Pali masamba ambiri a pa intaneti amene amasintha zithunzi kwaulere, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Kugwiritsa ntchito masamba oterewa kumatanthauza kupereka chithunzi chanu pa kompyuta ya anthu amene simukuwadziwa. Chithunzi cha maluwa sichingakupwetekeni, koma chiphaso cha unzika, pasipoti kapena kalata ya kubanki siziyenera kudutsa kumeneko, makamaka poti fayilo ya chithunzi imatha kusunganso malo ndi nthawi imene chinajambulidwa.

Mukasintha chithunzi, musafufute choyambirira cha HEIC. JPEG imataya tinthu tina ta chithunzi nthawi iliyonse imene yakonzedwa n'kusungidwanso, kotero mukadzafuna kuchidula kapena kuchisindikiza chachikulu, ndi bwino kupanganso kope latsopano kuchokera ku choyambiriracho.