Mantha obwera mwadzidzidzi aja, chonde musathamangire Valium

Abale, m'magulupu a WhatsApp anthu akumalangizana kuti mtima ukayamba kuthamanga mwadzidzidzi ungomeza ka Valium basi zatheka, ena mpaka kulozerana kogula. Chonde werengani kaye izi.

Vutoli kuchipatala timati panic attack. Munthu ali bwinobwino, kaya mu minibasi kaya pamzere ku banki, mwadzidzidzi mtima kugunda kwambiri, thukuta, kunjenjemera, kubanika, chizungulire, dzanzi m'manja ndi pamilomo, pachifuwa kuwawa, iye n'kumaona kuti akufa kapena akupenga. Zimafika pachimake m'mphindi 10 kenako n'kumatsika zokha, nthawi zambiri theka la ola silikwana. Ndi thupi lomwe latulutsa adrenaline, michere yokonzekeretsa munthu kuthawa zoopsa, pamene palibe choti uthawe. Pakokha sikupha. Zomwe zimautsa ndi nkhawa za ngongole, maliro, ndewu zapakhomo, ena ndi kumtundu, komanso chamba, khofi ndi ma energy drink ambiri, matsire a mowa. Zimakonda kuyamba munthu akadali wachinyamata ndipo amayi zimawagwira kwambiri kuposa abambo.

Ndiye zikachitika kawiri katatu munthu amayamba kuopa malo omwe zinamuchitikira, asiya minibasi, asiya kumsika, kutchalitchi akapita amakhala kukhomo kuti athawe msanga, mapeto ake satulukanso panyumba popanda womuperekeza. Imeneyo ndiye agoraphobia. Apa m'pamene achibale amabwera nako kapilisi kaja.

Valium ndi diazepam, ndipo inde amakhazika mtima pansi msanga, n'chifukwa chake anthu amamukonda. Koma thupi limamuzolowera pakangotha masabata ochepa, limodzi lija silikugwiranso ufuna awiri, tsiku lomwe wasowa mantha aja amabwera owirikiza, tulo osabwera, ena mpaka kugwa ngati akhunyu. Ukaphatikiza ndi mowa amatha kuimitsa kupuma munthu ali mtulo. Ndipo sachiza, munthu amangofika poti sangakwere minibasi popanda pilisi m'thumba. Ife kuchipatala tikapereka timapereka a masiku owerengeka, tikumuona munthuyo. Wogulitsa pamsika sakufunsani ngati muli ndi pakati, ngati mumamwa, ngati mumayendetsa kabaza. Ngati mwakhala mukumwa tsiku ndi tsiku musasiye lero lomwe, bwerani tikuchepetsereni pang'onopang'ono, sitikukalipirani.

Mankhwala enieni alipo. Fluoxetine ndi amene timayambira nthawi zambiri, kamodzi patsiku m'mawa. Koma mumvetse, sagwira tsiku lomwelo, pamatenga masabata 2 mpaka 6, ndipo masiku oyamba nseru ndi mantha zimatha kukwera kaye, apa m'pomwe ambiri amataya mankhwala n'kubwerera ku Valium uja. Pirirani, zimadutsa. Mukapeza bwino mumapitiriza miyezi yosachepera 6 ndipo kusiya ndi kwa pang'onopang'ono mogwirizana ndi adokotala. Kwina mupatsidwa amitriptyline, ameneyu ndi wa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsa kukamwa, ndipo kumwa ambiri nthawi imodzi ndi koopsa kwambiri ku mtima, musungeni kutali ndi ana. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, omwe muli pa ma ARV kapena mankhwala ena, nenani musanalembeledwe. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, makamaka kwa achinyamata omwe angoyamba kumene mankhwala, bwerani tsiku lomwelo.

Zikakugwirani khalani pansi pomwepo, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, mudziuze kuti izi ndinazionapo ndipo zinatha. Musathawe pamalopo ngati mungathe, kuthawa ndi komwe kumakulitsa manthawo. Za kutuluka panyumba timayamba pang'ono, lero pageti, mawa pa okala yapafupi ndi mchemwali wanu, kenako nokha, kenako minibasi siteji imodzi, kubwerezabwereza mpaka thupi litaona kuti palibe chimachitika. Anamwino a zamaganizo amathandiza kukonza ndondomeko imeneyi. Inu achibale, kumugulira chilichonse kuti asatuluke si kumuthandiza, kumupatsa mapilisi otsala a agogo ndiye ayi ndithu.

Kupemphera pempherani, koma kuchipatala bweraninso, chifukwa chithokomiro, kuchepa magazi, mphumu ndi shuga wotsika zimafanana nazo izi ndipo tiyenera kuyeza. Kupweteka pachifuwa koyamba, kofika ku mkono kapena nsagwada, makamaka muli ndi BP kapena shuga, kumeneko musati ndi mantha, thamangani.

Ambiri mumaopa kuti mukanena za maganizo akutumizani ku Zomba Mental. Ayi, vutoli timathandiza munthu akugona kwawo. Yambirani pa chipatala chanu chaching'ono kapena cha boma chapaboma mufunse anamwino a zamaganizo, ku Blantyre kuli Queens, ku Lilongwe kuli Bwaila, St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tengani buku lanu lakuchipatala, ndipo ngati muli ndi mapilisi ogula aja abweretseni tione kuti mwakhala mukumwa chani.