Zitsulo za São José ndi Anthu Amene Anaphunzira Kuziwerenga

Pa 27 Disembala gombe la Clifton ku Cape Town limadzaza anthu, chifukwa imakhala nyengo ya tchuthi ndipo dzuwa limakhala likuswa mtengo. Ambiri mwa osambira pamenepo sadziwa kuti mtunda wa mamita pafupifupi 100 kuchokera pamchenga, pakati pa matanthwe awiri, anthu 212 anamira tsiku ngati lomwelo m'chaka cha 1794. Papita zaka zoposa 230. Tsikuli likamayandikira ndimakumbukira mkangano womwe sunathebe m'mayiko a m'mbali mwa nyanja yamchere: kodi woyenera kugwira sitima zakale zomira ndi ndani, makampani ovuula katundu kuti agulitse, kapena akatswiri ofukula zakale pamodzi ndi anthu wamba odzipereka amene akatswiriwo amawaphunzitsa?

Sitimayo inali ya Apwitikizi, dzina lake São José Paquete d'Africa. Inanyamuka ku Lisbon mu Epulo 1794, nkufika pachilumba cha Mozambique, pomwe inakweza akapolo. Kumayambiriro kwa Disembala inayamba ulendo wopita ku Maranhão, ku Brazil. Chiwerengero cha amene anali m'katimo chimasiyana malinga ndi amene akulemba: ena amangoti oposa 400, koma chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi 512. Atayenda masabata atatu ndi masiku angapo, woyendetsa sitima anayandikira kwambiri kugombe pothawa mphepo, ndipo usiku sitimayo inagunda matanthwe. Amalinyero onse anapulumuka. Akapolo ena anawatulutsa, ena anatsala m'kati sitimayo ikusweka. Opulumukawo sanamasulidwe ayi, anagulitsidwa komweko ku Cape, komwe panthawiyo kunkalamulidwa ndi kampani ya Adatchi.

Kenaka zaka pafupifupi 190 zinadutsa nkhaniyi ili zii.

M'zaka za m'ma 1980 anthu osaka chuma pansi pa nyanja anapeza zotsalira za sitimayi. Ananena kuti ndi Schuylenburg, sitima ya Adatchi yomwe inasowa mu 1756, ndipo dzinalo linakhazikika. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani yonse. Anthuwa anafika pamalo enieni, anaona matabwa ndi zitsulo zomwezo, koma poti ankafuna zinthu za malonda, sanafunse chimene zitsulozo zinkachita m'sitimamo.

Amene anafunsa ndi Jaco Boshoff, katswiri wa ku nyumba zosungiramo zakale za Iziko Museums ku Cape Town, yemwe ankagwira ntchito limodzi ndi Stephen Lubkemann wa ku George Washington University m'gulu lofufuza sitima zomira za akapolo lotchedwa Slave Wrecks Project. Atabira pansi pa madzi pamalopo cha m'ma 2010 anapeza misomali ndi timapepala ta mkuwa tokutira kunsi kwa sitima. Mkuwa wotere unayamba kufala pa sitima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, choncho sitima ya 1756 sikanakhala nawo. Mu 2011 Boshoff anapeza m'nkhokwe ya zikalata zakale ku Cape umboni womwe woyendetsa São José anapereka ngoziyo itachitika, wofotokoza malo amene sitimayo inasweka. Mu 2012 anapeza midadada ya chitsulo pamalopo. Chaka chomwecho ku Lisbon kunapezeka chikalata chosonyeza kuti São José ponyamuka inapakira midadada yotere yoposa 1,000. Ntchito yake inali iyi: anthu salemera ngati migolo ya katundu, amasuntha, ndipo ena amafera m'njira, motero eni sitima za akapolo ankaika zitsulo pansi kuti sitima isapendeke. Munthu akagwira mdadada umodzi amakhala wagwira kulemera komwe amalonda anawerengera m'malo mwa matupi a anthu.

Umboni wa woyendetsa sitimayo ndi wofunika, koma tiyenera kuuwerenga mosamala. Iye ankadziteteza pamaso pa akuluakulu ndi eni katundu, ndipo kwa iye anthu 212 aja anali chuma chotayika. Mayina awo sanalembe. Chikalata ndi chitsulo zikagwirizana ndiye timakhulupirira, ndipo pa sitimayi zinagwirizana.

Ntchito yotere imafuna manja ambiri, ndipo akatswiri ofukula zakale pansi pa madzi ndi ochepa. Ndi chifukwa chake mu Slave Wrecks Project muli gulu la anthu odzipereka la Diving With a Purpose. Linayamba ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene Ken Stewart, membala wa bungwe la anthu akuda osambira pansi pa nyanja, anakumana ndi Brenda Lanzendorf, yemwe anali katswiri wa zakale ku Biscayne National Park ku Florida. Mayiyu anali ndi sitima zomira zambiri zoti aziyang'anira koma analibe omuthandiza. Chomwe chinawakoka kwambiri chinali Guerrero, sitima ya akapolo ya Asipanya yomwe inagunda matanthwe kufupi ndi Key Largo mu 1827 ikuthamangitsidwa ndi sitima yankhondo ya Angerezi, HMS Nimble. Munali Aafirika 561, ndipo 41 anafa. Anagwirizana kuti Lanzendorf aphunzitse anzake a Stewart, iwowo adzaphunzitse ena. Lanzendorf anamwalira mu 2008 koma maphunzirowo akupitirira, ndipo alinso ndi gawo la achinyamata.

Amene amabwera kumaphunzirowa amakhala odziwa kale kubira ndi masilinda a mpweya. Ena ndi aphunzitsi, ena mainjiniya, ena opuma pantchito. Kwa sabata imodzi amaphunzira chinthu chovuta kwa munthu wachidwi, kuona chinthu osachitola. Amayamba pamtunda, pomwe aphunzitsi amayala zinthu pansi ngati sitima yosweka. Akalowa m'madzi amatambasula tepi yaitali pakati pa malowo, amabaya timbendera pa chilichonse chooneka kuti nchopangidwa ndi munthu, nkuyeza kutalika kwake kuchokera pa tepi ija. Amajambula ndi pensulo papepala la pulasitiki losanyowa. Madzulo amakhala patebulo kusamutsira miyezo yonse pa mapu amodzi, ndipo muyezo ukapanda kugwirizana ndi wa mnzako, mawa ubwereranso pansi. Chifukwa chake nchoti pomwe chinthu chagona pamanena zambiri kuposa chinthucho. Mbale ikachotsedwa popanda kuyeza imangokhala mbale, sitidziwanso ngati inali ya woyendetsa sitima kapena ya m'chipinda cha akapolo.

Pachilumba cha Mozambique, pomwe São José inanyamukira, njira ziwirizi zinagundana poyera. Kuyambira 1999 kampani ya Arqueonautas inali ndi chilolezo cha boma chofufuza sitima zomira kumeneko, ndipo mu 2004 mbale zadothi za ku China za nthawi ya mafumu a Ming, zovuulidwa pafupi ndi chilumbachi, zinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku Amsterdam. Mfundo ya kampani inali yoti boma linalibe ndalama, akuba ankatola kale zinthuzo, ndipo gawo lina linkatsala m'dzikomo. Mfundoyi si yopanda pake, pakuti kufukula pansi pa nyanja nkodula zedi. Koma akatswiri ngati Ricardo Teixeira Duarte wa ku yunivesite ya Eduardo Mondlane anatsutsa kwa zaka zambiri, ndipo pangano la UNESCO la 2001 limakana kuchita malonda ndi zinthu zotere. Ine chimene chimandivuta nchakuti sitima ya akapolo mulibe mbale za Ming. Muli zitsulo za dzimbiri ndi maunyolo omatirira m'miyala, oti amaoneka pokhapokha atawaunika ndi makina. Wosaka phindu sangataye mpweya wake pa zimenezo. Chilolezo chija chinadzatha, ndipo tsopano achinyamata a pachilumbapo akuphunzitsidwa kubira, kuyeza ndi kuyang'anira sitima zomira za kwawo.

Ife a kuno nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Akatswiri amati ambiri mwa anthu a mu São José ayenera kuti anali Amakua. Komabe olemba mbiri ngati Edward Alpers anasonyeza kuti m'zaka za m'ma 1700 amalonda Achiyao ankayenda kuchokera kumadera ozungulira nyanja yathu mpaka ku Mossuril, pafupi ndi chilumba cha Mozambique, ndi ku Kilwa, kugombe la Tanzania ya lero, atanyamula minyanga komanso anthu. Izi zinali Jumbe asanakhazikike ku Nkhotakota, ndipo tisaziphatikize. Palibe chikalata chonena kuti m'sitimamo munali wolankhula Chinyanja, ndipo palibenso chokana, poti olemba ankangolemba chiwerengero.

Kupezeka kwa São José kunalengezedwa kumayambiriro kwa Juni 2015, ndipo zina mwa zitsulo zija zinabwerekedwa ku nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda ku Washington, yomwe inatsegulidwa mu 2016. Mkulu wake panthawiyo, Lonnie Bunch, anali atapita ku Mossuril, komwe mfumu inamupatsa dothi m'chotengera chokongoletsedwa ndi tizigoba ta m'nyanja, nkumupempha kuti akalithire pamene anthu awo anamira kuti agone m'nthaka ya kwawo. Pa 2 Juni 2015 mwambo unachitikira kunyumba ya Albie Sachs, yemwe kale anali woweruza wa khoti lalikulu la ku South Africa, nyumba yoyang'ana gombe la Clifton. Tsikulo kunali mvula ndi mafunde aakulu moti kubira sikunatheke. Anthu atatu, wa ku Mozambique, wa ku South Africa, ndi Kamau Sadiki wa Diving With a Purpose, analowa m'madzi ozizirawo wapansi kuchokera pagombe, nathira dothilo m'mafunde.