Kupezerera ana pasukulu: mafunso ndi mayankho pa malamulo ndi njira zodandaulira

Kodi kupezerera kumasiyana bwanji ndi kukangana kwa ana?

Ana awiri amsinkhu umodzi akalimbirana mpira wachikulunga mpaka kumenyana, kumeneko ndi kukangana, ndipo mawa lake mudzawapeza akugawana chimanga chokazinga. Kupezerera kumachitika pamene wophunzira wamphamvu, wamkulu kapena wokhala ndi gulu akuzunza mwadala mnzake amene sangathe kudziteteza, ndipo amachita zimenezo mobwerezabwereza. M'sukulu za sekondale zogonera komweko mchitidwewu umadziwika ndi dzina loti tizing'i. Mwana wa Fomu 1 amafika ndi sutikesi yomwe mayi ake aikamo shuga, chiponde ndi sopo atagulitsa nkhuku, koma sabata isanathe zonsezo zimakhala zili m'manja mwa a Fomu 4, ndipo iye amadzutsidwa pakati pa usiku kuti achape zovala za wina kapena ayimbe nyimbo atagwada. Ochita zimenezi amati, "Ifenso tinadutsamo." Ine mawu amenewa sindiwavomereza, chifukwa nkhanza sisanduka mwambo pongoti yakhalitsa.

Kodi pali malamulo oteteza mwana wopezereredwa?

Inde alipo, ndipo chitetezocho chimachokera m'malamulo angapo. Gawo 23 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limanena za ufulu wa ana, kuphatikizapo kutetezedwa ku zinthu zosokoneza maphunziro awo kapena zoononga thanzi lawo, ndipo kuchokera mu 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inakonza gawoli, mwana ndi munthu aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Palinso lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, komanso lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi, lomwe limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana. Kumenya munthu ndi kumulanda katundu ndi milandu ngakhale zitachitikira m'chipinda chogona ophunzira, pakuti mpanda wa sukulu sutsekereza malamulo a dziko kunja.

Kholo lingadziwe bwanji ngati mwana sakunena?

Ana ambiri sanena, poopa kuti akaulula adzawonjezeredwa chilango n'kutchedwa akazitape. Choncho kholo liyenera kuona zizindikiro: mwana amene ankadzuka yekha kukonzekera ulendo wa kusukulu ayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse, yunifolomu ikubwera yong'ambika, makope ndi zolembera zikusowa kawirikawiri, kapena akupempha ndalama zambiri osafotokoza ntchito yake. Pomufunsa musayambe ndi kukalipa, ndipo musamuuze kuti mwamuna salira kapena kuti akabwezere, chifukwa mwana wouzidwa choncho amatseka pakamwa ndipo sadzabweranso kwa inu.

Dandaulo liyenera kupita kwa ndani?

Poyambira ndi kwa mphunzitsi wa kalasi, kapena kwa mphunzitsi woyang'anira zogona ndi zakudya ngati sukuluyo ndi yogonera komweko, kenako kwa mphunzitsi wamkulu. Ndi bwino kupita ndi kapepala kolembapo masiku, malo ndi zomwe zinachitika, ndiponso kupempha kuti dandaulolo lilembedwe m'buku la sukulu, pakuti nkhani yongokambidwa pakhonde imaiwalika msanga. Pa sukulu za pulayimale palinso komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndiponso gulu la amayi a pasukulu, lomwe atsikana ambiri amamasuka nalo kuposa aphunzitsi aamuna. Sukulu ikangokhala chete, kholo lili ndi ufulu wopita kwa mlangizi wa maphunziro wa m'deralo kapena ku ofesi ya maphunziro ya pa boma.

Mwana akavulazidwa kapena kugwiriridwa, nkhaniyo siyoyembekezera msonkhano wa komiti. Makolo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndiponso kupolisi, ku nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu idziwitsidwe. Nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, yomwe bungwe la YONECO la ku Zomba limayendetsa, mwana atha kuyiyimba yekha.

Nanga wopezerera anzakeyo achitidwe chiyani?

Apa mpamene akuluakulu ambiri timalakwitsa. Ena amati amukwapule pamaso pa sukulu yonse, koma kukwapula ana kusukulu nkoletsedwa ndi Unduna wa Maphunziro, ndipo mwana wokwapulidwa amangophunzira kuti wamphamvu ndiye amamenya, phunziro lomwe anali nalo kale. Ena amawaimika awiriwo n'kuwauza kuti agwirane chanza, ngati kuti onse analakwa mofanana, zomwe zimamupweteka kawiri wozunzidwayo. Njira yoyenera ndi kumva mbali zonse payekhapayekha, kuitana makolo a wolakwayo, kumubwezetsa zomwe analanda, ndi kupereka chilango cholembedwa m'malamulo a sukulu, chomwe chingafike poimitsidwa sukulu kwa kanthawi kapena kuchotsedwa ngati mlandu ndi waukulu. M'mera mpoyamba, choncho ndi bwinonso kufufuza za kwawo kwa mwanayo, chifukwa ena mwa ana otere amakhala akuchokera m'nyumba momwe ndodo imalankhula tsiku ndi tsiku. Nkhani ikafika kupolisi, lamulo la 2010 lija limalola kuti milandu ina ya ana ithetsedwe popanda kuzengedwa ngati ya akuluakulu, ndipo yofika kubwalo imapita ku khoti la ana.

Bwanji ngati chipongwecho chikuchitikira pa foni?

Kufalitsa chithunzi cha mnzako kapena kumunyoza pa WhatsApp ndi Facebook ndi kupezerera ndithu, ndipo lamulo la 2016 loona za chitetezo pa intaneti limaletsa kuvutitsa munthu m'njira imeneyi. Mauthengawo asafufutidwe asanaonetsedwe kwa akuluakulu, chifukwa ndiwo umboni.

Sukulu ingachite chiyani kuti vutoli lisayambe?

Mphunzitsi aliyense amadziwa ana amene amakonda kusalidwa: achialubino, olumala, achibwibwi, osowa nsapato, ndiponso atsikana obwerera kusukulu atabereka, omwe ndondomeko ya boma yakhala ikuwalola kutero kuyambira mu 1993 koma anzawo amawatchabe mayina onyoza. Amadziwanso malo oopsa, monga kuseri kwa zimbudzi, pamzere wolandirira phala ndi m'zipinda zogona magetsi akazimitsidwa. Kuyendera malo amenewa, makamaka m'masabata oyamba a teremu yoyamba, kumathandiza kuposa kuwerenga malamulo pa asembule. Maprifekiti asapatsidwe mphamvu zolanga anzawo, ndipo bokosi la madandaulo liikidwe pamalo pomwe mwana angaponyemo kapepala osaonedwa, kiyi wake asungidwe ndi anthu awiri, mmodzi mwa iwo akhale kholo la m'komiti.